Chimbudzi cha Khomo Limodzi

1. Theka la desiki

Tiyamike anali mtsikana wa Fomu 3 wodziwa kusunga mnzake koma wosadziwa kugawana mnzakeyo ndi anthu ena. Kuyambira ku pulayimale, mnzake wa pamtima anali Pilirani. Ankakhala desiki imodzi, ankanyemerana chinangwa pa buleki, ndipo poweruka ankadutsa limodzi m'minda ya tiyi mpaka pamphambano ya ku Chitakale. Anthu akaona mmodzi ali yekha ankafunsa ngati winayo wadwala.

Zinthu zinasintha teremu imene pasukulu yawo panamangidwa chimbudzi chatsopano.

Zimbudzi zakale zinali zokumba, za anyamata kumtunda, za atsikana kumunsi. Zonse zinali za masitepe ndiponso zonjuta. Chatsopanochi chinali chipinda chimodzi chachikulu. M'malo mwa masitepe chinali ndi kanjira kotsetsereka, ndipo m'kati munali pokhalira ndi zitsulo zogwirira.

Tsiku lochitsegulira, ahedi, a Thomson, analankhula pa asembule.

"Ana inu, tcherani khutu, chifukwa sindifuna kudzamva mphekesera. Lamulo la dziko lino sililola kuti sukulu isale mwana chifukwa choti ndi mtsikana, ndi mnyamata, kapena ali ndi ulumali. Tsono mwana amene sangakwere masitepe kapena kunjuta, ife tikapanda kumukonzera polowa, ndiye kuti tamuchotsa sukulu popanda kumulembera kalata. Njerwa ndi simenti zangotikwanira chipinda chimodzi. Choncho chipinda chimenechi si cha anyamata, si cha atsikana. N'cha aliyense amene zimbudzi zakale zija zikumukanika. Azilowa munthu mmodzi, atseke, atuluke, kenako wina. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ana anaseka mpaka ahedi anachita kukweza dzanja.

Amene chipindacho chinawapulumutsa kwenikweni anali awiri. Woyamba anali Jailos wa Fomu 4, amene anaduka mwendo chaka cha namondwe wa Freddy napolo atagumula nyumba yawo, ndipo ankayendera mwendo woikirira. Wachiwiri anali mlendo, Sabrina, mwana wa a Makawa a golosale ku Chitakale.

Sabrina anabadwa ndi miyendo yofooka ndipo ankayendera ndodo ziwiri. Anali atakhala chaka chathunthu pakhomo, chifukwa kusukulu yake yakale ankachita kukwawira m'chimbudzi ndi manja. Bambo ake analumbira kuti mwana wawo sadzagwiranso pansi pa chimbudzi cha gulu. Anamubweretsa pasukulupa atachiona chipinda chatsopanocho ndi maso awo, ngakhale zoti khomo n'limodzi ndi anyamata sizinawakomere mpang'ono pomwe.

Aphunzitsi anamukhazika Sabrina kutsogolo, pafupi ndi khomo, n'kupempha Pilirani kuti azikhala naye. Tiyamike anatsala ndi theka la desiki lopanda munthu.

2. Ndowa ya madzi

Sabrina akanakhala wamwano, bwenzi zinthu zili zosavuta. Koma mtsikanayo anali wansangala, wakuthwa pa masamu, ndiponso wosaumira samusa zimene mayi ake ankamukulungira. Akakumana ndi Tiyamike ankamulonjera kuti "bwana pulifekiti" uku akumwetulira. Kukoma mtima kumeneku ndi kumene kunkamuwawa kwambiri Tiyamike.

Pilirani ankanyamula chikwama cha Sabrina. Ankamudikira pakhomo la chimbudzi. Poweruka ankakhala naye pageti mpaka wakabaza wake atafika.

"Lero tipitira limodzi?" Tiyamike anamufunsa tsiku lina.

"Tsogola asisi, ndidikire kaye kabaza wa Sabrina."

"Kodi anakulemba ntchito? Amakulipira samusa zingati?"

Pilirani anaseka. "Iwe Tiya, nsanje bwanji ngati mkazi wamkulu pamitala? Bwera tidikire tonse atatu."

Tiyamike sanabwere. Anadutsa yekha m'minda ya tiyi, akuthothola nsonga za masamba n'kumazitaya. Inalidi nsanje, ndipo iye ankadziwa.

Tsono Tiyamike anali pulifekiti wa zaukhondo. Mpopi wa m'chimbudzi chatsopano unali usanalumikizidwe, choncho inali ntchito yake kuonetsetsa kuti m'mawa uliwonse muli ndowa yodzadza madzi. Kwa Sabrina madziwo anali ofunika koposa, pakuti Msilamu amadziyeretsa ndi madzi akadzithandiza. Ahedi anali atamuchenjezanso Tiyamike kuti pansi pazikhala pouma nthawi zonse, chifukwa simenti yosalala ikanyowa, ndodo imaterereka.

Lachiwiri m'mawa ana amene anali pa ntchito yotunga madzi anachedwa. Tiyamike anasenza yekha ndowa kuchokera kumjigo, akung'ung'udza njira yonse.

"Ndiye ine ndasanduka wotungira madzi mfumukazi, eti?"

Atalowa anaitula ndowayo mwaukali. Madzi anakhavukira pansi n'kuyenderera mpaka kukhomo. Chikolopa chinali pakona pomwepo. Tiyamike anachiyang'ana, n'kuchisiya.

"Akolope mnzake wokondedwayo," anatero, n'kukoka chitseko.

3. Zimene anaona pansi pa mtengo

Pa buleki Tiyamike anakhala yekha pansi pa mtengo wa mapeyala, moyang'anizana ndi chimbudzi chija. Anaona Sabrina akukwera kanjira kotsetsereka, Pilirani ali pambuyo pake. Anaona Jailos akufika n'kuima pansi, chapatali, kudikira nthawi yake.

Sabrina analowa. Asanakhome n'komwe chitseko, panamveka kugwa kwa ndodo, kenako mfuu.

Pilirani anathamangira m'kati. Posakhalitsa anasuzumira panja.

"Achimwene a Jailos! Thandizeni, ndikulephera kumudzutsa!"

Jailos anazengereza pang'ono, kenako analowa akutsimphina. Patapita kanthawi anatuluka, malaya ake atanyowa pachifuwa. Pambuyo pake panatuluka Sabrina, siketi ili yonyowa, hijabu itapendekeka, misozi ili mbwembwembwe. Pilirani anatsala m'kati akukolopa madzi aja.

Nthawi yomweyo belu linalira. Ana a Fomu 1 amene ankathamanga kuchokera kubwalo la mpira anaona zinthu ziwiri zokha. Anaona mnyamata akutuluka, kenako mtsikana akutuluka khomo lomwelo akulira. Pamene Pilirani ankatuluka, onse anali atalowa kale m'makalasi.

Amene anaona nkhani yonse, mutu mpaka mchira, anali Tiyamike yekha. Ndiponso ndi iye yekha amene ankadziwa mwini wa madzi aja.

Bodza silidikira kabaza. Pofika madzulo nkhaniyo inali itafika pa siteji ya minibasi ku Chitakale, itamera kale manja ndi miyendo. Lachitatu Sabrina sanabwere kusukulu. Ahedi anaitanitsa msonkhano wa makolo Lachinayi masana.

4. Mawu a mayi Alefa

Lachinayi Tiyamike ankayala mabenchi m'holo pamene mayi Alefa anamukodola. Mayiwa ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo anali wapampando wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo. Anali atabwera molunjika kuchokera kumunda, zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba.

"Pilirani wandiuza kuti tsiku lija unali pansi pa mtengo wa mapeyala. N'zoona?"

"Ndinali pomwepo, mayi."

"Wandiuzanso kuti masiku ano sumulankhula bwino. Khala pansi apa."

Tiyamike anakhala, maso ali pansi.

"Mwanawe, ine ndathyola tiyi zaka makumi awiri. M'munda muja ndaona akazi akuluakulu akudana chifukwa kapitawo wapatsa wina mzere wa masamba ambiri. Chaka china mayi wina ananamizira mnzake kuti amabisa miyala m'dengu kuti lilemere pa sikelo. Mnzakeyo anachotsedwa ntchito, ali ndi ana anayi. Kodi ukuganiza kuti dengu la wonama uja linayamba kudzadza msanga? Iyayi. Manja ake anali omwe aja. Chimene anapindula n'choti mpaka lero pamaliro palibe amene amafuna kukhala naye mphasa imodzi.

"Nsanje imakunamiza kuti mnzako akagwa, iwe utalika. Sutalika, mwanawe. Tsono ukafunsidwa, unene zimene maso ako anaona, zonse. Usadule pakati. Munthu wonena theka la choonadi ndi woopsa kuposa wabodza, chifukwa anthu amamukhulupirira. Mwana uja sukulu yake yagona pa chitseko chija. A Makawa ndimawadziwa. Ndi bambo abwino, koma manyazi sawapirira. Akakhulupirira zimene akumva pa siteji, mwanayo amuchotsa, ndipo kuno kulibe sukulu ina yapafupi imene angalowe m'chimbudzi chilili. Miyendo uli nayo lero usaiyese yako mpaka kalekale. Jailos naye anali nayo iwiri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Wandimva?"

"Ndamva, mayi," anayankha Tiyamike. Anamvadi, koma ndi makutu okha.

Msonkhano unali wotentha. Bambo wina, a McDonald, anaimirira akugwedeza chala.

"Ahedi, kwathu kuno ngakhale mkamwini ndi apongozi ake salowa chimbudzi chimodzi. Ndiye inu mukuti anyamata ndi atsikana, magazi ali owira chonchi, khomo limodzi? Ikani loko basi!"

Ena anawomba m'manja. Mayi Alefa anaimirira n'kumanga bwino chitenje.

"A McDonald, tisanamizane. Pakhomo panu pali zimbudzi zingati? Mwana wanu wamwamuna ndi mlongo wake amapita kuti? Si khomo limodzi lomwelo, wina akatuluka wina n'kulowa? Mukaika loko, ana anu amiyendo iwiri sataya kanthu. Otaya ndi awiri okha aja. Kodi tiwauze kuti azisiya mimba zawo kunyumba pobwera kusukulu?"

Anthu anaseka, ndipo a McDonald anakhala pansi akung'ung'udza. Ahedi anamaliza n'kunena kuti lamulo siliwalola kutseka chipindacho, koma afufuza bwinobwino zimene zinachitika. A Makawa anakhala kumbuyo msonkhano wonse akumvetsera.

5. Funso la a Makawa

Anthu akubalalika, a Makawa anamuitana Tiyamike kuseri kwa laibulale. Anali bambo wamtali, wa mkanjo woyera, wolankhula motsitsa mawu.

"Mwanangu, ine za pa siteji sindimvera. Sabrina akuti mnzake anali naye m'kati. Mnzakeyo akuvomera. Mnyamata uja nayenso akuvomera. Koma atatuwo ali mbali imodzi, ndipo bwenzi silineneza bwenzi lake. Ahedi andiuza kuti woyang'anira chipinda chija ndiwe, ndipo ndamva kuti tsiku lija unali pafupi. Ndiwe waudindo, ulibe mbali. Dzina lako sindidzalitchula kwa munthu, Mulungu ndi mboni. Ungondiuza zoona, ndidziwe ngati ndingamusiye mwana wanga pasukulu pano. Kodi mnyamata analowa Sabrina ali momwemo?"

"Analowa," anayankha Tiyamike.

"Nanga m'katimo munali munthu wina?"

Yankho linali lalifupi, ndipo linali kale pamilomo. Koma ponena kuti Pilirani anatsala akukolopa, funso lotsatira likanakhala la amene anataya madzi. Tiyamike anakweza maso. Kutsidya kwa bwalo, pakhonde la Fomu 3, anaona Pilirani atawerama, akukopera m'kope la Sabrina manotsi a masiku amene mnzakeyo anajomba. Chiyambire ubwenzi wawo, Pilirani anali asanamukoperepo Tiyamike ngakhale tsamba limodzi.

Mtima wake unawira.

"Wina ine sindinamuone," anatero.

A Makawa anamuyang'anitsitsa. Kenako anavula chisoti, n'kupukuta thukuta pamphumi, n'kuchivalanso.

"Zikomo, mwanangu. Wandithandiza."

Anatembenuka n'kumapita kugeti, akuyenda ngati munthu wochokera kumanda. Tiyamike anafuna kuwaitana, koma anangobwerera kukasonkhanitsa mabenchi.

6. Mnzake wabwerera

Lachisanu aphunzitsi anauza Pilirani kuti abwerere pamalo pake pakale, popeza kutsogolo kunalibenso womuthandiza. Theka la desiki lija linapeza mwini wake.

Tiyamike anapeza chimene ankafuna. Pa buleki ananyema chinangwa n'kumupatsa mnzake. Pilirani analandira, koma anangochigwira m'manja mpaka belu linalira.

"Bambo ake sakundikhulupirira," anatero. "Ndapita kugolosale dzulo kukapereka kope, andiyankha ngati mlendo. Tiya, iwe unali pansi pa mtengo. Bwanji osakawauza ahedi?"

"Akandifunsa ndinena," anayankha Tiyamike, akuyang'ana kumbali.

Jailos naye zinamuipira. Anyamata ankamukuwiza kuti "mkamwini wa a Makawa" akangoyandikira kanjira kotsetsereka kaja. Tsiku limenelo sanamwe madzi ngakhale dontho kuti asafune kupitako, ndipo pofika masana anapempha chilolezo n'kubwerera kwawo.

Poweruka atsikana awiriwo anadutsa limodzi m'minda ya tiyi monga kale. Njira yonse palibe anaseka.

7. Mlendo wa Loweruka

Loweruka masana kunagwa mvula yamphamvu kuchokera kuphiri, kenako kunayera. Tiyamike ankachapa yunifomu kuseri kwa nyumba yawo, m'mzere wa nyumba za antchito a pa esiteti. Mayi ake anali pakhonde akusankha nyemba.

"Odi kuno!"

Tiyamike anawazindikira mawuwo, ndipo sopo anamupulumuka m'manja. Atazungulira nyumba anapeza Sabrina ataima pabwalo. Ndodo zake zinali matope okhaokha, siketi chimodzimodzi. Wakabaza anali atamusiya kumsewu chifukwa kanjira kolowera kunyumbazo kanali koterera, ndipo mtunda wotsalawo anauyenda yekha.

Mayi a Tiyamike anathamanga ndi mpando. "Mayo ine, mwana wa eni! Khala pansi upume."

"Zikomo mayi, koma ndikakhala ndivutika kudzuka. Sindichedwa." Anatembenukira kwa Tiyamike n'kuyesa kumwetulira. "Bwana pulifekiti, ndabwera ndi vuto."

Sabrina sanadikire kufunsidwa.

"Bambo akuti mawa m'mawa andiperekeza kwa azakhali ku Milange, kutsidya kwa malire. Tidzera pa Muloza. Akuti ndikakhale kumeneko mpaka anthu aiwale. Koma kumene kuja sukulu yanga yathera pomwepo, Tiya. Amaphunzira m'Chipwitikizi, ine sindichidziwa. Ndipo ndani akandimangire chimbudzi china? Ine ndimafuna ndilembe mayeso a Fomu 4 ngati anzanga."

Anaima kaye kuti apume, kenako anapitiriza.

"Ndalira mpaka misozi yatha. Pilirani sakumukhulupirira, Jailos safuna n'kumva dzina lake komwe. Ndiye lero ndakumbuka kuti ndisanalowe muja ndinakuona pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndawauza kuti alipo munthu mmodzi amene anaona zonse, munthu waudindo, amene sanganame chifukwa si mnzanga kwenikweni." Anaseka pang'ono mwamanyazi. "Pepa, ndinatero kuti akhulupirire. Kwa ine ndiwe mnzanga."

"Ndiye... anati bwanji?" Mawu a Tiyamike anatuluka ngati a munthu wodwala.

"Nditatchula dzina lako nkhope yawo inasintha, mpaka ndinachita mantha. Kenako anati, 'Pita ukamutenge. Adzanene zimene anaona, pamaso pako ndi pamaso panga. Akanena kuti mnzako anali momwemo, ulendo wa mawa palibe.' Basi, Tiya. Mawu ako okha."

Mayi a Tiyamike anawomba m'manja. "Aa, nkhani yochepa chonchi? Iwe, tsuka m'manja upite naye mnzako. Munthu wayenda m'matope chonchi chifukwa cha iwe, ndiye waima ngati chitsa?"

Tiyamike anayang'ana manja a Sabrina pamene anagwira ndodo. M'zikhatho munali matuza, ndipo limodzi linali litaphulika.

"Vala nsapato," anatero Sabrina. "Ine ndimayenda pang'onopang'ono, ndiye nditsogole. Undipeza ndisanafike kumsewu. Bambo akutidikira kugolosale."

Anatembenuka n'kuyamba kutsetsereka kanjira ka matope kaja, ndodo, mwendo, ndodo, mwendo. Sanacheuke ngakhale kamodzi kuti aone ngati Tiyamike akubwera, chifukwa sankamukayikira.